Tikatsika M'bwato ku Malingunde, Nkhomaliro Tikadyere Kuti?

Komiti yokonza ulendo wa ku damu la Kamuzu ku Malingunde ikakhala pansi, imatha maola ikukambirana za basi, za mafuta, za chilolezo cholowera, za nyimbo zoimba m'njira ndi za amene adzajambule zithunzi. Ikafika nkhani ya nkhomaliro, wina amangoti, "Zimenezo tikaona konko," ndipo msonkhano umatsekedwa ndi pemphero. Tsiku la ulendo likafika, cha m'ma 1 koloko masana, anthu makumi anayi amatsika m'bwato atapsa ndi dzuwa, njala ili m'maso, ndipo onse amayang'ana msungichuma. Apo m'pamene gulu limasankha mothamanga, ndipo kusankha kothamanga n'kumene kumabweretsa matenda, mikangano ndi kuwononga ndalama.

Ifeyo tinaphunzira movutikira. Paulendo wina tinaphika mpunga ndi nkhuku m'bandakucha, n'kuzilongedza m'mapoto, n'kuzisiya m'basi yotseka mawindo. Unali mwezi wa Okutobala. Tinadya cha m'ma 2 koloko masana tikusangalala kuti tapulumutsa ndalama. Usiku womwewo anzathu angapo anasanza mpaka m'mawa, ndipo awiri analephera kulemba mayeso tsiku lotsatira. Panalibe wogulitsa woti timudzudzule. Chakudyacho tinaphika tokha, ndipo tinachiwononga tokha posadziwa mmene kutentha ndi nthawi zimasinthira chakudya chabwino. Nkhaniyi tailemba kuti gulu lotsatira lisadutse njira yomweyo.

Malowa akhala motani

Ku Malingunde, kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, kuli madamu awiri pa mtsinje wa Lilongwe. Loyamba linamangidwa mu 1966 ndipo lachiwiri mu 1989. Onse ali m'manja mwa bungwe la Lilongwe Water Board, ndipo ntchito yawo yeniyeni ndi kusunga madzi amene anthu a mumzinda amamwa. Mtsinjewo umachokera m'mapiri a Dzalanyama, cha kumalire ndi dziko la Mozambique. Kukongola kwa madziwo ndi mphepo yake n'zimene zimakopa alendo, koma madamuwo sanamangidwe ngati malo ochezera. Choncho tisayembekezere kupeza mzere wa malo odyera m'mbali mwa madzi ngati mmene zilili ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear. Chilolezo cholowera ndi chokwerera bwato tiyenera kupempha kwa eni malowo tisananyamuke, ndipo tifunsiretu ngati amalola kudyera kapena kuphikira pamenepo.

Misika ikuluikulu ya chigawo ichi siili pakhomo pa damu. Mitundu ili cha kumwera, pa msewu wodutsa ku Bunda, kumene kuli sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya LUANAR. Nathenje ili pa msewu waukulu wa M1 wolowera ku Dedza. Wochokera mumzinda amafika ku Malingunde kudzera ku Likuni. Pamapu malo onsewa amaoneka ngati oyandikana, koma misewu ina yodutsa m'midzi ndi yafumbi, ndipo nthawi ya dzinja basi ikhoza kutitimira m'matope. Funso loyamba posankha kodyera n'lakuti: tikachoka padamu tikulowera kuti? Gulu lobwerera mumzinda lili ndi njira zosiyana ndi gulu lolowera ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Blantyre.

Vutoli silathu tokha. Ku Durban, m'dziko la South Africa, sitima zikuluzikulu zoyendetsa alendo panyanja zimakocheza pafupi ndi malo achisangalalo a uShaka Marine World, amene anatsegulidwa mu 2004. Ku Florida alendo otsika sitima ku Port Canaveral amathamangira ku Orlando, kumene kuli Walt Disney World. Kuno kwathu okwera sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanja ya Malawi kuyambira 1951, amatsika ku Monkey Bay kapena ku Nkhata Bay ali ndi njala yomweyo. Kulikonse mlendo wotopa amagula chimene chili pafupi, pamtengo uliwonse, osafunsa. Kusiyana kwake n'kwakuti kumayiko enawo cholakwika chimathera m'thumba, pamene kuno chikhoza kuthera kuchipatala.

Thupi likatsika m'bwato

Munthu akakhala pamadzi maola awiri kapena atatu, dzuwa limamuwomba kuchokera kumwamba komanso kuchokera pamadzi. Chifukwa cha kamphepo kozizira, sazindikira kuti akutuluka thukuta. Potsika, chimene amati njala nthawi zambiri chimakhala ludzu ndi njala pamodzi. Ena bwato limawachititsa chizungulire ndi nseru, chifukwa chimene maso akuona chimasemphana ndi chimene ziwalo za m'kati mwa khutu, zimene zimatithandiza kuima bwino, zikumva. Munthu wotere akangotsika n'kudya tchipisi chamafuta ambiri, kenako n'kukwera basi pamsewu wa mabampu, zimene wadyazo sizifika patali.

N'chifukwa chake chinthu choyamba potsika ndi madzi akumwa ndi kukhala pamthunzi kwa mphindi zingapo. Nthochi imodzi kapena ziwiri zimachepetsa njala yolusa ija, ndipo gulu limatha kuganiza bwino. Madziwo akhale amene tabwera nawo. Madzi a m'damu, ngakhale amakathera m'mipopi ya mumzinda, pamenepa amakhala asanayeretsedwe. Amayenda ndi mtsinje mpaka kumalo oyeretsera madzi mumzinda, kumene amasefedwa ndi kuthiridwa kolorini. Tisamwe, tisatsukire zipatso, ndipo tisasambe nawo m'manja tisanadye. Madzi odikha kulikonse m'dziko muno akhozanso kukhala ndi nkhono zimene zimafalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timalowera pakhungu. Amene waviika miyendo kapena wasambira, akadzaona magazi m'mkodzo patapita masabata, apite kuchipatala. Mankhwala ake a praziquantel alipo.

Nthawi ndi kutentha

Chimene chinatidwalitsa ife chili ndi dzina. M'mpunga wosaphika mumapezeka kachilombo kotchedwa Bacillus cereus, kamene kali ndi njere zosafa ndi moto wophikira. Mpunga ukakhala wofunda kwa maola ambiri, njerezo zimadzuka, tizilombo timaswana, n'kutulutsa poizoni amene amasanzitsa munthu pasanathe maola asanu ndi limodzi. Poizoniyo satha ngakhale titatenthetsanso mpungawo. Ndipo mpungawo sununkha, sumaoneka wosasa, mwakuti mphuno singatichenjeze.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophikaphika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Chizisungidwa chotentha kuposa madigiri 60, kapena chozizira pansi pa madigiri 5. Pakati pa manambala awiriwa m'pamene tizilombo timaswana msanga, ndipo tina timatha kuchuluka kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Tikawerengera, kachilombo kamodzi kakhoza kupitirira 260,000 pa maola asanu ndi limodzi. M'basi yoimikidwa padzuwa la Okutobala mumatentha bwino lomwe kwa tizilomboti.

Lamulo la maola awirili limagwira ntchito kulikonse, kaya chakudya tabwera nacho kaya tikugula. Ndiwo zimene zinaphikidwa m'mawa n'kukhala pathebulo mpaka 3 koloko masana n'zoopsa chimodzimodzi, ngakhale malo odyerawo akhale okongola. Nyama ya pachiwaya imene yangotuluka m'mafuta owira ife tikuona ili ndi chitetezo chimene mpunga wozizira wa pamalo apamwamba ulibe. Apa pali phunziro lina: ndi bwino kufika pamalo odyera nthawi imene eni dera akudya, chifukwa m'pamene mapoto ali pamoto. Gulu lofika mochedwa limadya zotsala.

Bungwe lomwelo mu 2015 linalengeza kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 600 miliyoni padziko lonse amadwala chifukwa cha chakudya chosasamalidwa bwino, ndipo pafupifupi 420,000 amamwalira. Ife sitifunika kuyang'ana kutali. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unadwalitsa anthu oposa 58,000 m'Malawi muno ndi kupha oposa 1,700, ndipo boma la Lilongwe linali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Kolera imayenda ndi madzi ndi chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala, ndipo imafala kwambiri nthawi ya mvula. Ulendo wa mu Januwale umafuna kusamala koposa ulendo wa mu Juni.

Zoyang'ana tisanakhale pansi

Basi ikaima pamsika, gulu lonse lisatsike nthawi imodzi. Anthu awiri kapena atatu apite kaye akaone. Sizitenga mphindi khumi, ndipo zoyang'ana zake n'zosavuta.

Choyamba ndi posamba m'manja. Pali ndowa ya mpopi kapena mpondagiya, ndi sopo? Beseni limodzi loti aliyense aviikemo manja ndi njira yogawirana matenda, chifukwa womaliza amasamba litsiro la onse. Ngati palibe ndowa ya mpopi, tisambe mothirirana ndi madzi athu ndi sopo wathu. Chachiwiri ndi kotsukira mbale. Tione ngati madzi otsukira amasinthidwa, komanso ngati mbale zimayanikidwa pathandala kapena zimapukutidwa ndi kansalu kamodzi kakuda. Chachitatu ndi mapoto: ali pamoto, ovundikira, akutuluka nthunzi? Chachinayi ndi nyama yaiwisi. Ikhale payokha, ndipo mpeni ndi thabwa zodulira nyama zisakhale zomwezo zodulira tomato ndi kabichi wa saladi. Chachisanu ndi chimbudzi, kutalika kwake ndi khitchini komanso kuchuluka kwa ntchentche. Chomaliza ndi anthu amene akudyapo. Malo amene amayi ogulitsa mumsika, aphunzitsi ndi oyendetsa kabaza amadyerapo tsiku ndi tsiku amagulitsa chakudya msanga, ndipo mwini wake amaopa kutaya mbiri pakati pa anthu omudziwa.

Saladi wa kabichi waiwisi amene amaikidwa pamwamba pa tchipisi ndi bwino kumukana ngati sitikudziwa madzi amene anatsukira. N'chimodzimodzi madzi ozizira a m'majumbo ndi mafirizi opangira kunyumba. Madzi a m'botolo tione kuti chitsekerero chake sichinatsegulidwepo. Zipatso zosenda tokha, monga nthochi, malalanje ndi manachesi, ndi zotetezeka kwambiri. Mtedza ndi wambiri m'dera lino, koma wofwifwa, wachuku kapena wowawa tiutaye, chifukwa chukucho chimapanga poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndipo satha ndi kukazinga.

Mafuta a pachiwaya ndi zimene sitidya

Kwa ife pali funso lina limene anzathu ambiri safunsa. Potsatira Levitiko chaputala 11 ndi Deuteronomo chaputala 14, sitidya nkhumba, mbewa ndi nsomba zopanda mamba monga mlamba ndi kampango. Chambo, makumba, utaka, usipa ndi matemba zili ndi mamba ndi zipsepse, choncho zilibe vuto. Ambiri mwa ife sadyanso nyama iliyonse. Kukana nkhumba yooneka m'mbale n'kosavuta. Chovuta ndi chiwaya. Pamisika yambiri ya chigawo chapakati nkhumba imagulitsidwa kwambiri, ndipo pachiwaya china tchipisi, mbuzi ndi nkhumba zimasinthana m'mafuta amodzi. Munthu amagula tchipisi chokha ali ndi mtendere mumtima, osadziwa chimene chinali m'mafutamo mphindi zisanu zapitazo.

Safunsa anadya phula. Koma kufunsa kuli ndi kafunsidwe kake. Wogulitsa ali pantchito imene imadyetsa banja lake, ndipo sanatilakwire. Tiyambe ndi moni, kenako tifunse mwaulemu: "Achimwene, mwaswera bwanji? Pachiwaya pano mukukazingapo nyama yanji lero?" Kwa mayi wa m'lesitilanti: "Amayi, nyembazi mwaphika pazokha kapena mwathiramo msuzi wa nyama?" Funso lotseguka lotere limabweretsa yankho loona. Tikafunsa kuti, "Mulibe nkhumba eti?" tamuuza kale yankho limene tikufuna kumva. Akatiuza kuti mafuta ndi amodzi, tithokoze n'kupita kwina, popanda kukwinya nkhope kapena kuyamba ulaliki pachiwaya pa mwini. Gulu likavala malaya olembedwa dzina la koleji, msika wonse umakumbukira mmene linalankhulira.

Malo odyera ndi mabutchala a anzathu achisilamu sagulitsa nkhumba, ndipo ambiri a ife timapeza mpumulo kumeneko. Komabe za nsomba tifunse, popeza mlamba ukhoza kupezeka. Amene sadya nyama ali ndi zambiri zosankha pamalo odyera wamba: nsima ya nyemba, mazira, soya, nkhwani kapena mpiru wotendera, bonongwe, therere. Thobwa latsopano ndi chakumwa chabwino, koma likagonera masiku limasasa n'kuyamba kusanduka mowa, choncho tifunse tsiku limene laphikidwa. Malo amene chakudya chimagulitsidwa pamodzi ndi mowa tiwapewe, makamaka ngati tili ndi ana a Pathfinder paulendowo.

Azaumoyo nawo amachenjeza za nyama yosapsa bwino. Nkhumba yosapsa imafalitsa njoka za m'mimba zotchedwa Taenia solium. Munthu amene ali ndi njokazi akapanda kusamba m'manja akhoza kusiya mazira ake pachakudya chilichonse, ndipo mazirawo akalowa m'thupi la wina amatha kukafika ku ubongo n'kuyambitsa khunyu. Izi zikutanthauza kuti ngakhale wosadya nkhumba amatetezedwa ndi ukhondo wa m'manja mwa wophika. Nkhuku ndi mbuzi nazo ziyenera kupsa mpaka m'kati, popanda magazi pafupa.

Njira zimene tili nazo

Njira yoyamba ndi kutenga kamba. Ubwino wake ndi wakuti timadziwa chimene chili m'chakudya, sititaya nthawi, ndipo mtengo umadziwika tisananyamuke. Koma kamba akhale wa zinthu zosaonongeka msanga: buledi ndi chiponde, mbatata yootcha, chimanga chootcha, zitumbuwa, chigumu, mtedza wokazinga, nthochi, nzimbe. Mpunga, nyemba, nyama, mazira ndi saladi wa mayonezi zimafuna bokosi loziziritsira lokhala ndi ayezi wokwanira, apo ayi zisiyeni. Chakudya chisasiyidwe m'basi, chiikidwe pamthunzi.

Njira yachiwiri ndi kuphika pomwepo, ngati eni malo alola. Kwa gulu lalikulu iyi ndi njira yotchipa komanso yotetezeka, chifukwa nsima imachoka pamoto kupita m'mbale. Imafuna anthu anayi kapena asanu odzipereka kutsala pamtunda, mapoto akuluakulu, ufa, madzi okwanira kuphikira ndi kusamba m'manja, ndi nyemba zoviikiratu usiku. Ophikawo apatsidwe mwayi wokwera bwato paulendo woyamba kapena womaliza, ndipo asakhale alongo okhaokha. Za moto tiganizirenso. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera madzi a damuli, yawonongeka kwambiri ndi kuotcha makala, ndipo mitengo ikatha dothi limakokoloka n'kukadzaza m'damu. Ngati gulu lingathe kubwereka mbaula ya gasi, lichite zimenezo. Kuthyola nkhuni m'mbali mwa damu ayi.

Njira yachitatu ndi Mitundu. Ndi msika waukulu wa zokolola, kotero tomato, masamba, mbatata, mtedza ndi zipatso za nyengo zimapezeka zatsopano. Malo odyera nsima alipo, komanso pali chipatala pafupi. Vuto lake ndi ulendo wake kuchokera kudamu, umene uyenera kufunsidwa kwa dalaivala wodziwa njira, makamaka nthawi ya mvula. Tsiku la msika chakudya chimatha msanga ndipo chimakhala chatsopano, koma anthu amachuluka, basi imasowa poima, ndipo gulu limabalalika mosavuta.

Njira yachinayi ndi Nathenje, imene ikuyenera gulu lolowera kumwera pa M1. Sipafunika kupatuka, ndipo ogulitsa anazolowera apaulendo. Koma pofika kumeneko nthawi idzakhala itapita, mwina lamulo la maola awiri litaphwanyidwa kale pa ndiwo za masana. Gulu losankha Nathenje lidye kakamba padamu, ndipo pofika lifune zophikidwa pomwepo. Tikumbukirenso kuti M1 ndi msewu wa magalimoto othamanga. Basi iime mbali imene tikadyere, kuti anthu makumi anayi asamadumphe msewu.

Gulu lobwerera mumzinda lili ndi njira yachisanu, yodikira mpaka ku Likuni kapena m'tauni, kumene malo odyera ndi ambiri koma mitengo imakwererapo.

Pa njira zitatu zomalizazi pali chinthu chimodzi chofunika kwambiri: kudziwitsiratu. Lesitilanti ya pamsika imaphika molingana ndi makasitomala ake a tsiku ndi tsiku. Anthu makumi anayi akatulukira mwadzidzidzi, mwini wake amathira madzi mumsuzi, amatenthetsa za dzulo, kapena amaphika mothamanga nyama osapsa. Anthu awiri a m'komiti apite sabata imodzi ulendo usanachitike, aone malowo, agwirizane za ndiwo, mtengo wa mbale imodzi ndi nthawi yofikira, asiye ndalama pang'ono yogulira zinthu, n'kutenga nambala ya foni. Tsikulo, bwato likamakocheza, aimbe foni kuti nsima ikhale pamoto. Mpingo wathu wa m'deralo ukhoza kutilozera malo odalirika, mwinanso amayi a Dorika akhoza kuvomera kutiphikira titawalipira moyenera.

Ndalama, tsiku ndi anthu ofooka

Ndalama ya nkhomaliro itoleredwe pamodzi ndi ya basi. Aliyense akamadzigulira yekha, amene ali nazo amadya nkhuku, ndipo amene alibe amanamizira kuti sakumva njala n'kukhala m'basi. Tonse tikuwadziwa anzathu amene fizi yokha ikuwavuta. Mbale yofanana kwa onse imachotsa manyazi amenewa. Msungichuma atenge ndalama zosinthasintha, chifukwa si onse ogulitsa amene amalandira Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo netiweki imatha kuvuta. Mtengo umveke chakudya chisanapakulidwe. Kunenerera n'kololedwa, koma kufinya mayi wogulitsa mpaka asapeze phindu chifukwa choti ndife ambiri si chilungamo.

Popeza pa Sabata sitigula kapena kugulitsa, maulendo otere amagwa Lamlungu kapena pa tsiku la tchuthi. Lamlungu m'mawa eni malo odyera ambiri amakhala kutchalitchi, ndipo ena satsegula n'komwe, chimene ndi chifukwa china chodziwitsiratu. Ulendo ukakhala Lachisanu, tiwerengere chobwerera m'mbuyo kuchokera pa kulowa kwa dzuwa, kumene kuno kumakhala pakati pa cha m'ma 5:20 ndi cha m'ma 6:20 madzulo malinga ndi nyengo. Nkhomaliro yochedwa ndi ola limodzi ikhoza kutipezetsa tili pamsewu Sabata litayamba.

Polembetsa maina, mlembi afunse mwachinsinsi ngati pali odwala shuga, kuthamanga kwa magazi, zilonda za m'mimba, oyembekezera, kapena amene thupi lawo limadana ndi mtedza, mazira kapena nsomba. Wodwala shuga amene wamwa mankhwala kapena wabaya jakisoni m'mawa sangadikire mpaka 3 koloko. Shuga wake akatsika amanjenjemera, amatuluka thukuta, amasokonezeka, ndipo akhoza kukomoka. Akhale ndi chakudya m'thumba ngakhale ali m'bwato. Wodana ndi mtedza adziwe kuti masamba otendera ali ndi nsinjiro. Ana ndi achikulire alandire chakudya poyamba.

Wina akadwala

M'bokosi la chithandizo choyamba musasowe mapaketi a Thanzi ORS. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo wotsegula m'mimba kapena wosanza azimwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Madzi okayikitsa awiritsidwe, kapena athiridwe WaterGuard n'kudikira mphindi 30. Ngati chimbudzi chili chamadzi ngati otsukira mpunga, chili ndi magazi, wodwala akusanza chilichonse, maso alowa m'kati kapena wasiya kukodza, tithamangire naye kuchipatala chapafupi akumwa ORS m'njira. Kolera imatha kupha munthu wamkulu pa maola ochepa. Anthu angapo akadwala pamodzi, tiuze achipatala zimene tinadya ndi nthawi yake, kuti athe kuteteza ena.

Pochoka

Malo amene tadyera tiwasiye aukhondo. Mapepala apulasitiki opyapyala analetsedwa m'dziko muno kuyambira 2015, ndipo khothi lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma majumbo akadali mbwee m'misika. Jumbo limene tataya m'mbali mwa damu limakathera m'madzi amene abale athu a ku Kawale, ku Chinsapo ndi ku Area 25 adzamwe. Titenge thumba la zinyalala, mbale ndi makapu athu, ndipo anthu awiri ayendere malo onse basi isananyamuke.

Kuyambira paulendo wa mpunga uja, komiti yathu imayamba ndi nkhomaliro isanakambe za nyimbo. Timafunsa kumene tikulowera tikachoka padamu, nthawi imene bwato lomaliza lidzakocheze, chiwerengero cha anthu ndi zimene sadya, amene apite kukaona malo, ndi chimene tidzachite ngati mvula yatseka njira. Mayankho amalembedwa papepala limodzi, ndipo dalaivala, msungichuma ndi wapampando aliyense amakhala ndi lake. Paulendo wotsatira tinadya nthochi ndi mbatata yootcha padamu, nsima ya nyemba ndi nkhwani wotendera inatidikira ili yotentha, ndipo Lolemba m'mawa tonse tinali m'kalasi.